Miyezi Isanu Pansi pa Boneti

Malichi 2017

M'chaka cha 2017 ndinali ndi zaka 59, ndipo m'chaka chimenecho ndinagula galimoto yanga yoyamba. Ndiyo yomalizanso. Inu ana anga mumaiseka mukaiona pakhomo, koma simudziwa zimene inandidyera. Muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa pakamwa sindidzazinena.

Ntchito ndinayamba mu 1975, nditalekeza Sitandade 6, pa galaja ya malole ku Balaka. Makaniko wamkulu pamenepo anali achimwene anga a Yotamu, abambo anu aakulu. Ine ndinali wotsuka zitsulo ndi wopatsira masipanala. Achimwene ankaika chogwirira cha sikuludiraiva kukhutu, nsonga yake pa injini, n'kunena matenda a lole isanatsegulidwe n'komwe. Ndinakhala nawo zaka ziwiri zokha, galaja n'kutsekedwa. Za injini ndinangolawako. Ndinapita kukakonza njinga pa msika wa ku Ntcheu, ndipo kumeneko ndiko ndinazolowera legeni, mphira ija timadula ku chubu chakale. Chodontha, legeni. Chogwedera, legeni. Chosweka, legeni. Mpaka lero m'thumba mwanga simusowa legeni. Mu 1999 ndinapita ku Cape Town. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinasamala maluwa a azungu ku Constantia, kenako ndinalowa ntchito pa nyumba yosungiramo katundu ku Montague Gardens, kukonza mageti, matirole, mipopi ndi mashelefu. Bwana wathu, Mbunu wamfupi wolusa, ankanditchula dokotala. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pamenepo sanaitanepo munthu wakunja kudzakonza chimene ine ndagwira. Ndanena zimenezi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene anagula galimotoyo.

Tsiku limene ndinkachoka kumudzi, achimwene anandiperekeza kokwerera basi. Anati, "Iwe Lameki, anthu ku Joni amabwerako ndi wailesi ndi jekete. Iwe udzabwere ndi chinthu cha injini, ndidzachitsegule ndione mmene azungu amamangira." Iwo ankaseka. Ine ndinasunga mawuwo zaka 18.

Galimotoyo inali ya Madamu wina wokalamba wa ku Constantia, amene ndinkamusamalira maluwa kale, ndipo mayi anu, Nangozo, ankasitabe zovala kumeneko masiku awiri pa sabata. Amuna ake anali atamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo iye ankasamukira ku nyumba yaing'ono. Inali pikapu, imene kumeneko amati bakkie, yopangidwa mu 1976, yobiriwira ngati tsamba la nthochi, mpando umodzi wautali kutsogolo. Madamu anati amuna ake ankaisamala kuposa ana, ndipo mkamwini wawo ankailiza mwezi uliwonse. Tinagwirizana. Ndinaiyendetsa kuchokera ku Constantia mpaka kwathu ku Dunoon, mtunda wautali ndithu, osatsokomola ngakhale kamodzi. Mukumbukire zimenezi. Ine ndinaziiwala.

Masana omwewo ndinaimbira achimwene. Nthawi imeneyo anali atapuma, akuyendetsa chigayo chawo kumudzi, koma shuga anali atawagwira ndipo miyendo inkatupa. Ndinatsegula boneti n'kuika foni pafupi ndi injini. Anamvetsera kanthawi.

"Masilinda anayi," anatero. "Valavu imodzi ikugogoda pang'ono, koma mtima ulimo. Ndi yako?"

"Ndi yanga, achimwene."

"Ubwere nayo."

"Julayi, ndikatenga tchuthi. Ndidzaimika pa chigayo pomwepo."

M'mawa mwake ndinayendera galimoto yonse ndi maso a mwini. Geji ya petulo inali yakufa, choncho ndinasema kamtengo koviika m'thanki. Galasi la kumanzere linkagwedera, ndinalimanga. Batire inkasuntha, ndinaimanga. Pa chitsekero cha thanki ndinaona kabowo konga diso la singano, ndipo pamenepo pankamveka fungo la petulo. Ndinati dzimbiri layamba. Petulo wonunkha ndi petulo wothawa, komanso ku Dunoon fungo limaitana akuba petulo ndi mapaipi awo. Ndinamata kabowoko ndi guluu, ndinadula chubu mozungulira n'kuyala mkati mwa chitsekero, kunja n'kukulunga legeni katatu. Fungo linatha. Ndinaima patali kuyang'ana ntchito yanga. Inali yaudongo.

Epulo 2017

Sabata yonse ndinapita nayo ku ntchito. Kuchokera ku Dunoon kufika ku Montague Gardens ndi pafupi, ndipo inkayenda ngati yatsopano. Lamulungu ndinauza mayi anu kuti za mateksi zatha, tipita ku tchalitchi pa galimoto yathu. Mpingo wathu wa Amalawi unkasonkhana ku Wynberg, kutsidya lina la mzinda. Mayi anu anavala za mvano, bulauzi yoyera ndi duku loyera, n'kukhala pa mpando ngati mkazi wa nduna.

Tikuyandikira ku Maitland, pa msewu waukulu, injini inatsokomola. Inakoka, inasiya, inakokanso, n'kuzima. Ndinaikokera pambali magalimoto akutiombera mahutala. Ndinaliza, inangolira osagwira. Ndinatsegula boneti, palibe chofuka, palibe chodontha. Ndinamasula legeni, n'kuviika kamtengo m'thanki: petulo analimo wambiri. Ndinatsekanso. Ndinabwerera ku injini, ndinapeza waya wa pa koyilo wogwedera pang'ono, ndinaumanga. Nditaliza, inagwira. Ndinauza mayi anu kuti unali waya basi. Tinafika abusa ali pakati pa ulaliki. Pobwerera inafanso, pafupifupi pamalo omwewo.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linakhala la galimoto. Matenda ake anali amodzi. Pabwalo inkalira ola lathunthu osasintha mawu. Ku ntchito inkapita n'kubwera. Koma ndikangoitengera kutali, inkafa, ndipo inkasankha pa anthu ambiri. Ikafa, ndinkachita zomwezo: kutsegula boneti, kuviika kamtengo, kugwira ichi ndi icho, n'kuliza. Inkagwira. Ndiye chimene ndagwira pomaliza ndicho ndinkachiweruza kuti ndi wolakwa. Ndinasintha sefa ya petulo. Inafa. Ndinasintha mapulagi onse anayi. Inafa. Ndinasintha mapointi ndi kondensa, ndinayeza mpata wake ndi pepala la paketi ya fodya monga ankachitira achimwene. Inafa. Ndinamasula kabureta, tizitsulo tonse ndinatiyala pa thireyi ya tiyi ya mayi anu, ndinatsuka kamodzikamodzi, ndinabwezera. Inafa.

Zipangizo ndinkagula pa kasitolo kena ku Wynberg, pafupi ndi pokwerera mateksi, ka mkaladi wina wonenepa wokonda kuseka, amene ankanditchula Oupa, ndiye kuti agogo. Ulendo wachinayi atandiona pakhomo anayamba kuomba m'manja.

"Oupa wabweranso! Lero tisintha chiyani, mtundu wa penti?"

"Pampu ya petulo."

"Oupa, mukugula galimoto yachiwiri m'zidutswa. Bwanji osapita nayo kwa mlamu wanga, ali ndi galaja kuseriku? Angoiona basi."

"Ndakufunsa pampu."

Anandipatsa pampu. Ndinaika. Inafa.

Meyi 2017

Chaka chimenecho kunali chilala ku Cape Town, madzi ankatiwerengera. Mayi anu ankasunga madzi otsukira mbale kuti tithire m'chimbudzi, ine n'kumawatenga kukasamba girizi. Pakhomo panayamba kuuma mawu. Galimotoyo anaipatsa dzina. M'mawa akandipeza pansi pake ankaima patali n'kunena, "Mkazi mnzanga wadzuka bwanji?"

Ndinaganiza kuti m'thanki muli zinyalala zimene zimatseka paipi galimoto ikagwedezeka nthawi yaitali. Ndinatsitsa thanki ndekha. Potsitsa inanditerereka n'kuphwanya chala chachikulu cha dzanja lamanja. Chikhadabo chinada, patapita sabata chinachoka. Ndinatsuka thanki ndi palafini, munatuluka timchenga tosadzaza ngakhale supuni. Paipi ndinaiuzira ndi pakamwa mpaka ndinamwa petulo. Lamulungu lotsatira ndinauza mayi anu kuti tsopano zatha.

Inafera pa mlatho, mvula yoyamba ya dzinja ikuwaza. Mayi anu anatsika n'kuima kumbuyo ndi ambulera pamene ine ndinkamasula legeni pa thanki. Nditatsegula anati, "Bambo a Esinati, imani kaye. Bwanji imausa moyo mukamatsegula pamenepo?"

"Chiyani?"

"Imati fuu. Ulendo uliwonse. Ngati munthu amene amutsamwitsa."

"Ndi mpweya wa petulo. Zimatero."

"Tsiku lija munabwera nayo kuchokera kwa Madamu inafa?"

"Nangozo, lowani m'galimoto."

Madzulo ake popanga tiyi anatenga chitini cha mkaka, n'kuchiboola pamodzi pokha, n'kuchipendeka pa kapu yanga. Mkaka unadontha pang'ono n'kusiya. Anandiyang'ana. Anaboola kachiwiri mbali inayo, mkaka n'kuyenderera. Anati, "Ine sindinaphunzire za galimoto. Koma chitini chimafuna pawiri."

Ndinawauza kuti galimoto si chitini cha mkaka, ndipo ngati akufuna kundiphunzitsa ntchito ayambe agwira sipanala zaka makumi anayi. Anatenga kapu yawo n'kukamwera panja. Nkhani imeneyo sanaitchulenso. Kuyambira Lamulungu lotsatira anabwerera ku mateksi.

Juni 2017

Mnzanga weniweni ku Cape Town anali a Mhango, a ku Rumphi, mkulu wa mpingo ngati ine, dalaivala wa lole yonyamula mipando. Iwo ankakhulupirira kuti vuto ndi koyilo, kuti ikatentha imasiya kupereka moto. Anandibweretsera koyilo yawo. Tinaika, tinapita kukayesa limodzi, inafa tisanafike ku Maitland. Anatsika, anazungulira galimoto, anakanda mutu.

"Yayi adada, iyi yandikanika. Kodi si inu mumati achimwene anu ndi makaniko wa malole? Aimbireni. Muwauze mmene ikuchitira."

"Akudwala. Sindiwavutitsa."

"Kudwala miyendo, osati mutu. Muli ndi dokotala m'nyumba, mukufunsa mankhwala pa msika?"

Ndinawauza kuti ndimaliza ndekha. Choona n'chakuti ndinkalankhula ndi achimwene sabata iliyonse, ndipo sabata iliyonse ankafunsa. "Ikuyenda?" Ine ndinkati, "Ikuyenda, achimwene, ndi mapepala okha a pa malire akuchedwa." Mapepala anali atatuluka kale, ali m'baibulo. Zaka 18 ndinadikira kuti ndikaime pamaso pawo ngati munthu amene wabwera ndi chinthu chake, chokonza yekha. Sindinkafuna kubwerera kukhala wopatsira masipanala.

Anthu a mumpingo nawo anayamba nzeru zawo. Mayi wina anati mwini wake wakale sakufuna kuisiya, ndikawaze madzi opempherera pa mpando. Wina anati kumudzi alipo amene sakufuna ndifike. Ndinawayankha kuti chitsulo chilibe mzimu. Koma chimene chinandipsetsa mtima chinachitika pa msonkhano wa akulu a mpingo. Ndinafika mochedwa, manja akuda, jekete itanyowa. A Mhango anati, "Tisawadzudzule a Lameki. Galimoto yawo ndi yachikhristu kuposa tonsefe. Masiku onse imagwira ntchito, Lamulungu imapuma." Onse anaseka, ndi abusa omwe. Ndinadikira msonkhano uthe, ndinapita panja, ndinamasula koyilo yawo ikadali yotentha, n'kukaiika pa tebulo pamaso pawo. Ndinabwezera yanga yakale. Sitinalankhulane chaka ndi miyezi.

Julayi 2017

Chinatsala chimodzi chosasintha: kabureta. Mkaladi uja anandipezera ina ku Johannesburg, yochotsa pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo, n'kunena kuti ifika Lachinayi. Tchuthi changa cha masabata atatu chinayamba Lolemba. Katundu wa kumudzi anali atamangidwa kale: mabulangete, shuga, sopo, nsapato zofewa za achimwene chifukwa cha miyendo, ndi bokosi la masipanala atsopano limene ndinawagulira.

Lachiwiri m'mawa alamu anga, akazi a achimwene, anaimba. Anati, "Alamu, akuluwa sakudzukanso. Chilonda cha phazi chakana. Kuchipatala atibweza. Ngati mukubwera, bwerani." Mayi anu anamva zonse. Osandifunsa, anapita kukafunsa za basi ya ku Malawi, n'kubwera kudzandiuza kuti ilipo yonyamuka Lachitatu ndipo mpando ulipo. Anati, "Kwerani. Mkazi mnzangayu ndimusamala ine, sathawa."

Ndinakhala pa chitini cha penti pabwalo n'kuwerengera masiku. Basi Lachitatu, kufika Loweruka kapena Lamulungu. Kabureta Lachinayi, kuika Lachisanu, kunyamuka Loweruka, kufika Lachitatu linalo. Kusiyana kwake masiku atatu kapena anayi. Ndinati munthu amene wadwala chaka chonse sangalephere masiku anayi. Ndinaimbira alamu kuti andipatse achimwene. Mawu awo anali atachepa, koma anali iwo.

"Lameki, akuti ukudikira chiyani?"

"Ndinyamuka Loweruka, achimwene. Ndi galimoto."

"Chitsulo sichiola. Kwera basi."

"Ndinalonjeza kuti ndidzaimika pa chigayo."

Ndinkamva kupuma kwawo pa foni. Kenako anati, "Iwe, ndinakulera ine. Mapepala satenga miyezi inayi. Yavuta pati? Ndiuze mmene imachitira. Imafa itatentha kapena itazizira? Imafa mwadzidzidzi kapena imayamba yatsokomola?"

Funso lake linali lomwelo, lolunjika. Ndikanangoyankha. Mayi anu anali ataima pakhomo akundiyang'ana. Ndinati, "Palibe chovuta, achimwene. Ili bwino."

"Chabwino," anatero. "Ubwere nayo, ndiimve."

Basi ya Lachitatu inapita. Kabureta inafika Lachinayi, ndinaika Lachisanu, ndinaichuna mpaka injini inkalira mosalala ngati makina osokera. Loweruka m'mawa ndinapakira katundu, ndinafunditsa tenti, ndinadzaza thanki mpaka pakamwa, ndinakulunga legeni mwamphamvu kuposa kale chifukwa ulendo unali wautali. Mayi anu anandipatsa kamba wa nkhuku. Anthu oyandikana nafe anatuluka kudzandibayibitsa.

Sindinafike ngakhale pa msewu waukulu wopita kumpoto. Inafa msanga kuposa masiku onse, thanki ili yodzaza, phiri lija la Cape Town likuonekabe lonse pagalasi. Ndinatsika. Sindimatukwana, inu mukudziwa, koma tsiku limenelo ndinatukwana chitsulo m'Chichewa, m'Chingoni chochepa chimene ndimadziwa, ndi m'Chibunu cha bwana wanga. Ndinamenya chitseko ndi nsapato. Chibowo chimene mumachiona kumanzere chija ndi changa. Ndinaviika kamtengo, ndinagwira mawaya, inagwira, ndinayenda pang'ono, inafanso. Kanayi. Masana ndinalowa ku Dunoon pa anthu omwe aja anandibayibitsa m'mawa, nkhuku ili pa mpando yosadya.

Ndikanakwera basi yotsatira. Inalipo Lolemba. Koma ndinati kabureta yatsopanoyo yangofuna kuchuna bwino, tsiku limodzi lokha. Lolemba ndinachuna. Lachiwiri ndinayesa, inafa. Lachitatu m'mawa ndili pansi pa galimoto, mayi anu anabwera ndi foni m'manja. Sananene kuti mkazi mnzanga. Anagwada pafupi ndi tayala n'kunena, "Bambo a Esinati, tulukani."

Ogasiti 2017

Ndinakwera basi ya Lachinayi. Pa malire tinachedwa tsiku lathunthu. Kumudzi sakanasunga maliro masiku onsewo. Ndinafika Lolemba, ataika Lachisanu. Ndinapeza dothi lofiira ndi nkhata zofota. Nsapato zofewa zija ndinali nazo m'chikwama.

Alamu sanandidzudzule. Zikanakhala bwino akanatero. Anangoti, "Ankafunsa galimoto iliyonse ikamveka kumsewu. Ankati, si imeneyo, imeneyo ndi ya dizilo." Tsiku lachitatu anandipempha ndikaone chigayo, chifukwa chinali chitaima chiyambire kudwala kwakukulu ndipo anthu ankapita kutali kukagayitsa. Tinalowa awiri. Zonse zinali mmene achimwene ankasiyira zinthu: masipanala pa misomali motsatana kukula, lamba atamasulidwa kuti asatambasuke. Thanki ya injini inali ya chigubu chachitsulo chimene anachipanga okha, chopachika pakhoma. Pa chitsekero chake ndinaona kabowo, koboola ndi msomali, fungo likutuluka. Dzanja langa linalowa lokha m'thumba kukatenga legeni.

"Ayi alamu, pamenepo musatseke," anatero alamu. "Achimwene anu ankakalipa munthu akangoikapo nsanza. Ankati thanki imapuma. Mafuta akamatsika, mpweya uzilowa. Mukatseka, imayenda pang'ono n'kufa."

Ndinaima ndi legeni m'manja. Ndinafunsa kuti ikafa amatani. Anati, "Mumangotsegula, imati fuu, n'kuyambanso."

Ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa chigayo. Zonse zinabwera pamodzi. Ulendo woyamba wochokera ku Constantia, ndisanagwire chitsekero. Kamtengo kanga koviika, kamene kankaichiritsa ulendo uliwonse ine n'kumayamika mawaya. Thanki yodzaza imene inafa msanga chifukwa munalibe malo a mpweya. Chitini cha mkaka. Kabowo kaja sikanali ka dzimbiri. Anakaboola dala anthu amene anapanga galimotoyo, ndipo kanagwira ntchito yake zaka 41 mpaka kanakumana ndi ine. Achimwene akanandiuza pa mphindi imodzi. Anafunsa n'kufunsa komwe.

Chigayo ndinachidzutsa tsiku lomwelo. Chinalira nditangoliza kamodzi.

Nditabwerera ku Cape Town bwana anandikalipira chifukwa cha masiku opitirira. Ndinamusiya akalipe. Loweruka m'mawa ndinamasula legeni pa thanki, ndinachotsa chubu chija, ndinatenga singano ya mayi anu n'kubowola guluu. Ntchito yonse sinafike mphindi ziwiri. Ndinawauza kuti avale, tikuyenda. Anayang'ana singano, anayang'ana ine, n'kukatenga duku. Tinadutsa Maitland. Tinadutsa mlatho uja. Tinafika ku Wynberg, sindinaime, tinapitirira mpaka ku Constantia, kudutsa pa geti yakale ya Madamu, n'kubwerera ku Dunoon. Sinatsokomole. Njira yonse mayi anu anangokhala manja pamiyendo. Titaima pakhomo anatambasula dzanja n'kunena, "Singano yanga."

Sindinapepese tsiku limenelo, ndipo sindinapepese chiyambire. Ndikulemba pano: mayi anu ananena zoona mu Meyi. Ndalemba kamodzi, sindibwereza.

Nditapuma ntchito, pikapuyo inanditenga kuchoka ku Dunoon mpaka kumudzi, masiku asanu, osazima pena paliponse kupatula pamene ndaizimitsa ndekha. Ndinaimika pa chigayo monga ndinanenera. Ndiyo inatuta mchenga ndi njerwa za chiliza cha achimwene. Valavu ija ikugogodabe pang'ono. Sindinaikonze, ndipo wina asaigwire.

Tsopano nazi zimene ndinataya chifukwa cha kabowo konga diso la singano. Sefa, mapulagi anayi, mapointi, kondensa, pampu ndi kabureta, zonse zabwinobwino, zochotsedwa popanda mlandu. Chikhadabo chimodzi, chinamera chokhota. Thireyi ya tiyi ya mayi anu. Ma Loweruka oposa khumi ndi asanu. Maulaliki amene sindinawawerenge. A Mhango, chaka ndi miyezi. Mabasi awiri, ya Lachitatu ndi ya Lolemba: yoyambayo ikanandifikitsa achimwene akadali ndi moyo, yachiwiriyo pa maliro awo. Mchimwene mmodzi, amene mawu anga omaliza kwa iwo anali bodza.